Andikweza kukhala supavaiza wa alonda a usiku pa koleji, ndiyambire pati?

Wa ku Bangwe

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru, makamaka kwa inu amene munagwirako ntchito za chitetezo.

Ine ndine mlonda pa koleji ina mu Blantyre muno. Dzina lake ndisatchule poti ndikadali pa ntchito. Sitinalembedwe ndi kolejiyo, ndife a kampani yomwe inapata kontrakiti. Mwezi watha supavaiza wathu wa usiku anasiya ntchito, ndiye mabwana anandiitanitsa ku ofesi n'kundiuza kuti kuyambira Lolemba shifiti ya usiku ili m'manja mwanga. Anandipatsa wailesi ya ovaova, tochi yaikulu, makiyi a kaofesi ka pa geti ndi buku la OB, lolembamo zonse zochitika pa shifiti. Za maphunziro panalibe. Anangoti, "Inu mwakhalitsa pano, zonse mukuzidziwa."

Kudziwa ndikudziwadi, koma ndimadziwa positi yomwe ndaimapo ineyo. Pano ndili ndi anthu 14 omwazikana: ena pa geti lalikulu, ena ku mahositelo, wina ku laibulale, wina koimika magalimoto, awiri kumpanda wa kumunsi komwe kuli mdima ndi udzu wautali. Timalowa 6 koloko madzulo, kuweruka 6 koloko m'mawa.

Chomwe chandiimitsa mutu kwambiri ndi madala ena amene anandilandira nditangoyamba ntchito. Ndi iwowa anandiphunzitsa kulemba OB. Ndi iwowa anandiuza kuti usiku suyenda tochi ili chiyakire, chifukwa wakuba amakuona iwe usanamuone. Mwezi wanga woyamba, ndisanalandire, ankandigawira mbatata yawo ndi tiyi wa m'fulasiki. Lero ndine bwana wawo, ndipo ndikamazungulira cha m'ma 2 koloko ndimawapeza kuseri kwa laibulale atakhala pa kireti, chipewa chili kumaso, mkonono uli gwedegwede. Si kamodzi ayi. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Masana amaumba njerwa ku ganyu, ndipo amachoka ku Chilobwe wapansi poti ya minibasi imawathera mwezi uli pakati. Nyumba yawo inagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, mpaka lero akumangabe pang'onopang'ono. Lamulo la kampani likuti wopezeka akugona alembedwe lipoti, adulidwe malipiro. Anyamata enawa akungondipenya kuti aone chomwe nditachite. Ndikapanda kuwalemba madalawa, mawa ndidzamulemba bwanji mnyamata wa pa geti? Ndikawalemba, ndidzawayang'ana ndi maso ati?

Nkhani ina ndi ya Loweruka lapitali. Cha m'ma 11 usiku ku hositelo ya anyamata kunamveka "wakuba! wakuba!" Mmene ndimafika n'kuti ophunzira atagwira mnyamata wina wosakhala wa pasukulupo, laputopu ya mnzawo ili m'chikwama chake, mlomo atamung'amba kale. Mothandizana ndi alonda awiri tinamulanda m'manja mwawo n'kumutsekera m'kaofesi ka pa geti. Ophunzira anadzaza panja, akumenya chitseko, ena akuti "tipatseni timuphunzitse," ena akukuwa kuti alondafe timadya nawo akubawo. Ndinaimbira mkulu wa chitetezo wa koleji, anati mumusunge mpaka kuche, akamuone yekha m'mawa. Ndinaimbira manejala wa kampani yathu, anati mutulutseni pompano apite ku polisi, kampani isalowe m'milandu. Mabwana awiri, mawu awiri, ine ndili pakati, galimoto ndilibe. Pamapeto pake dalaivala wina wa koleji amene amakhala pafupi ndi amene anatinyamula kupita naye ku polisi. Lolemba onse awiri anandikalipira, wina chifukwa sindinamumvere, wina chifukwa ndinachedwa kumumvera.

Ndiye ndikufunsa: ntchito yeniyeni ya supavaiza pa malo ngati amenewa ndi chiyani? Mphamvu zanga zimalekezera pati, apolisi amayambira pati? Nanga za madala aja nditani?

Sajeni Wopuma

Achimwene a ku Bangwe, poyamba ndikuthokozeni kuti mnyamata uja munamuchotsa m'manja mwa gulu. Akanafera pa hositelo paja, lero tikanakhala tikukamba za mlandu wakupha, ophunzira ena ali kundende ya Chichiri, inu mukuyankha mafunso kuti munali kuti. Amene anakukalipirani Lolemba akanakhala oyamba kukukanani.

Ine ndinaphunzira upolisi ku Kanjedza, ndinapuma ndili sajeni, ndipo nditapuma ndinayang'anirako alonda pa malo angapo. Za mphamvu zanu ndikuuzeni mosapsatira. Yunifolomu ya kampani sikupatsani mphamvu zoposa za munthu wamba. Lamulo la dziko lino limalola munthu aliyense kugwira amene wamupeza akupalamula mlandu waukulu ngati kuba, koma limanenanso kuti amupereke kwa apolisi mosachedwa. Maola 48 amene anthu amawatchula aja ali mu gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko, ndipo ndi nthawi yoti apolisi akhale atamufikitsa munthu ku khoti. Si nthawi yoti mlonda asunge munthu m'kaofesi. Bwana amene anati mumusunge mpaka kuche analakwa, ndipo munthuyo akanakomoka m'kaofesimo ndi mabala aja, dzina lolembedwa pa nkhaniyo likanakhala lanu. Musamufunse mafunso ngati apolisi ofufuza milandu a CID, musalole mlonda wanu kumukhudza ndi chibonga atagwidwa kale, musamusechenso muli nokha. Pazikhala mboni, ndipo chilichonse chotuluka m'thumba mwake chilembedwe pomwepo.

Nambala ya 997 muzikhala nayo, komanso pitani masana ku polisi ya dera lanu mukadziwane ndi amene amaona za community policing (mgwirizano wa apolisi ndi anthu a m'dera), mutengeko nambala ya pa kauntala. Kudziwana kumachitika kukadali bata.

Tsopano OB. Ambiri amaliyesa buku lolembamo "all in order" ola lililonse. Bukulo ndi limene lidzakuimireni inu tsiku lomwe aliyense adzakuthaweni. Lembani nthawi yeniyeni, osati yongoganizira. Musasiye mizere yopanda kanthu pakati, musang'ambe tsamba, musafute ndi Tipp-Ex. Mukalakwitsa dulani mzere umodzi woti mawu aja aziwerengekabe, sainani pambali. Bwana akakulamulani pa foni, lembani: nthawi yakuti, auje anandiuza zakuti. Za Loweruka zija mukanalemba malamulo onse awiri motsatizana, Lolemba mukanangotsegula buku n'kuwasiya akambirane okha. Popatsana shifiti, wolandira awerenge makiyi, mawailesi ndi matochi, asaine. Katundu wambiri amasowa pa nthawi yosinthana imeneyi, wina akuthamangira minibasi, wina sanafike.

Mukukumbukira nkhani ya Robert Chasowa? Anapezeka atafa pa Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS, pa 24 September 2011. Poyamba zinalengezedwa kuti anadzipha. Mu 2012 komiti yofufuza yomwe inakhazikitsidwa ndi Pulezidenti Joyce Banda, motsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, inapeza kuti anachita kuphedwa. Ndikuitchula kuti muone kuti pa sukulu ya ukachenjede pakhoza kugwa nkhani yoti dziko lonse lifune kudziwa kuti usiku umenewo analowa ndani, anatuluka ndani, nthawi yanji. Amene ali ndi mwayi wodziwa zimenezo ndi wa pa geti. Ndipo mukadzapeza zoopsa zotero, ntchito yanu ndi kutchinga malowo, osasuntha kanthu, osalola anthu kupondaponda ndi kujambula, mpaka apolisi afike.

Perete musamaudumphe. Mphindi 15 shifiti isanayambe, onse aime pamzere. Muyang'aneni aliyense m'maso, muyandikireni kuti mumve ngati pakununkha kachasu, onani ngati ali ndi wezulo ndi tochi yoyaka. Auzeni zomwe zinachitika dzulo. Pozungulira musamasunge nthawi imodzi: lero 1 koloko, mawa 3, mkuja kawiri motsatizana. Ndipo munthu asakhalitse pa positi imodzi, chifukwa akazolowerana ndi ophunzira ndi mavenda, kangachepe kamayamba kuyenda.

Za madala anuwo, pepani, alembeni. Mbatata munadya kalekale, yatha. Laibulale ikathyoledwa makompyuta n'kupita, kontrakiti itha, anthu 14 onsewo akakhala pakhomo, madalawo ali m'gulu lomwelo.

Gadi Mnzanu

Bwana Sajeni, ulemu wanu, koma pa nkhani ya madala ndakana. Inu mumalankhula ngati munthu amene anali ndi nyumba ya boma ku laini ndi penshoni kumapeto. Ife tilibe zimenezo.

Amwene a ku Bangwe, ine ndili pa geti chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi, masupavaiza ndawaona ambiri. Akangopatsidwa ovaova amaiwala msanga. Amabwera 3 koloko mwakachetechete, nsapato zili m'manja, kudzakujambula pa foni uli mtulo, kuti mabwana awaone kuti akugwira ntchito. Koma mufunseni kuti renikoti yanga ili kuti, ayankha kuti tikuyang'ana. Mwezi wa June chiperoni chikamawaza, iwe uli kumpanda ndi kamalaya kamodzi, moto sakulola kusonkha, kanyumba kobisalamo kulibe, udzudzu nthawi ya dzinja osanena. Ukafuna kupita kuchimbudzi palibe wokugwirira positi. Magetsi a ESCOM akazima, jenereta imayatsa ku maofesi okha, kwa iwe kuli bii, mabatire a tochi wagula wekha. Kwacha inagwa mu November 2023, ufa unakwera, minibasi inakwera, malipiro amabwera pa 10 mwezi winawo. Munthu ameneyu akagona mukudabwa chiyani?

Sindikunena kuti kugona n'kwabwino. Ndikuti supavaiza amene amangodziwa kulemba anthu ake koma sadziwa kulemba mabwana kuti anthu alibe zida, ameneyo ndi kapitawo chabe. Mukafuna tikumvereni, tiyambe taona kuti mwatimenyera kena kake, ngakhale mabatire okha. Ndipo maola 12 munthu payekha kuseri kwa laibulale, opanda womuyankhulitsa, ngakhale mnyamata wa zaka 25 agona. Vuto lili pa rosita yanuyo, osati pa madala okha.

Nangozo

Bambo a ku Bangwe, ine ndiyankhula ngati amene ndinali mbali inayo ya geti. Ndinaphunzira pa koleji ina mu mzinda womwewu, zaka ziwiri ndinali mu hositelo, zinazo ndinkachita lendi ku Chitawira ndi anzanga. Abambo amene ayankha pamwambapa akamba za akuba ndi za buku, koma pali mbali ina imene supavaiza wa usiku amaigwira kuposa wina aliyense.

Mtsikana akachitidwa chipongwe usiku, ofesi ya Dean of Students imakhala yotseka, a Registrar ali kunyumba, kiliniki mwina mulibe munthu. Amene ali maso ndi inu. Mnzanga wina wa chipinda chimodzi anabwera pa geti akulira, bulauzi itang'ambika, atakumana ndi anyamata panjira yochokera ku laibulale. Mlonda amene anamupeza funso lake loyamba linali lakuti, "Nanga iwe umayenderanji usiku?" Kenako anaitana mnzake pa wailesi, kutchula dzina la mtsikanayo ndi hositelo yake, mawailesi onse a pasukulupo akumva. Mmene kumacha nkhani inali ponseponse. Sanapitenso kukadandaula kulikonse, ndipo semesita imeneyo sanalembe mayeso.

Ndiye chonde, anthu anu muwaphunzitse izi pa perete amene a Sajeni akunenayo. Dzina la munthu wotere lisatchulidwe pa wailesi. Mu OB, lomwe aliyense wa pa geti amatsegula, lembani kuti mwalandira dandaulo nthawi yakuti ndipo mwalipereka kwa auje, tsatanetsatane apite mu lipoti lapadera lotsekedwa. Mukhazikeni malo oduka mphepo, muitanireni mlonda wamkazi kapena matroni, mufunseni amene akufuna kuti aimbiridwe foni. Ngati wagwiriridwa, chipatala chisadikire kuti kuche kapena kuti mabwana abwere: mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Ku chipatala cha Queens kuli One Stop Centre yothandiza pa nkhani zoterezi, ku polisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Supavaiza azidziwa malo amenewa ngati mmene amadziwira geti lake.

Funso langa kwa inu: mwa anthu 14 aja, amayi alipo angati? Ku hositelo ya atsikana usiku kumaima ndani?

Chinanso, ndipo apa mundikhululukire, nthawi zina vuto amakhala alonda eni ake. Kunali wina amene ukachedwa kubwera ankati, "Ndikutsegulira, koma nambala yako undipatse." Ena ankatiitana "alamu" tikamadutsa, kumatiyang'ana mpaka tikakhote. Iwo ankaziyesa nthabwala. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe lotere, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipa K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Wophunzira sangabwere kudzakuuzani ngati akuona kuti inu ndi alondawo ndinu amodzi. Pitani mukakumane ndi atsogoleri a bungwe la ophunzira, muwapatse nambala yanu, muwauze kuti dandaulo lokhudza mlonda lizifika kwa inu mwachindunji. Zija amakukuwizani kuti mumadya nawo akuba zimachepa anthu akakudziwani nkhope masana.

Ophunzira nawo si angelo, ndikudziwa. Tinkalowetsa alendo nthawi itadutsa, tinkabwereketsa ma ID, ena ankatukwana alonda a msinkhu wa bambo awo atamwa. Koma nyali zakufa za panjira ya ku laibulale ija tinadandaula chaka chathunthu. Mlonda aliyense ankadziwa kuti pamenepo pali mdima, palibe amene anakulemba.

Wa ku HR

Ndimagwira ntchito yoona za antchito pa kampani ina ku Limbe, si ya alonda, koma lamulo ndi lomwelo. Ndiwonjezere pang'ono pa mkangano wa a Sajeni ndi a Gadi, chifukwa onse awiri akuyankhula ngati pali njira ziwiri zokha, kulemba kapena kusalemba.

Employment Act ya 2000 imanena kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mwayi wodziyankhira. Zili mu gawo 57. Makampani ambiri amagwa ku Industrial Relations Court osati chifukwa wantchito analibe mlandu, koma chifukwa sanamumve, kapena palibe pepala losonyeza kuti anachenjezedwapo. Ndiye lipoti lanu si chigamulo, ndi chiyambi chabe. Ndipo chilango chimayenera kulingana ndi cholakwa, poganiziranso zaka zomwe munthu wagwira ndi mbiri yake. Pemphani kwa manejala wanu buku la malamulo a kampani, muliwerenge nokha. Kawirikawiri mumapezeka masitepe: chenjezo la pakamwa, la kalata, lomaliza. Zoti "wogona adulidwe" mwina ndi chizolowezi chongolankhulidwa, mwina sizinalembedwe n'komwe. Chenjezo la pakamwa nalonso limalembedwa, tsiku ndi siginecha. Pamenepo a Sajeni apeza pepala lawo, anyamata aona kuti simunakondere, madala sanataye ndalama.

Koma chomwe mungachite kwa madalawo mukhale okonzeka kuchitira aliyense. Mnyamata wa pa geti akadzagona koyamba, nayenso ayambire pa sitepe yomweyo.

Kenako werengani maola. Lamulo lomweli limaika maola 48 pa sabata, opitirira pamenepo ndi ovataimu yolipidwa, ndipo munthu sayenera kugwira masiku oposa 6 motsatizana osapuma tsiku lathunthu. Shifiti ya maola 12 kwa masiku 6 ndi maola 72. Taonani pa mapepala a malipiro a anthu anu ngati maola 24 apamwambawo akuoneka. Si inu mumalipira, koma ndi inu mumasaina rejisitala ya amene wabwera, ndiye musasaine zomwe sizinachitike, kaya mokomera kampani kaya mokomera mnzanu. Wina akajomba, wina n'kugwira mashifiti awiri, zilembedwe choncho. Makampani ena amalipiritsa kasitomala alonda 14 pomwe pamalo pali 11, ndipo zikadzaululika amaloza amene anasaina.

Za mabwana awiri, yankho lili mu kontrakiti ya pakati pa koleji ndi kampani. Inu mwina sangakuonetseni yonse, koma muli ndi ufulu wopempha malangizo olembedwa a pamalopo. Lembani kalata yaifupi, yaulemu, kwa manejala wanu, kope kwa mkulu wa chitetezo wa koleji: tikagwira munthu usiku, wolamula ndani, galimoto ichokera kuti, mayunitsi oimbira foni apereka ndani. Musaikemo zodandaula za Lolemba. Mafunso okha.

Mphwanu wa ku Ohio

Achimwene, ine ndinakulira ku Ndirande, pano ndikuphunzira ku America. Ndingokuuzani mmene zilili kuno, mwina mutolapo kanthu.

Kuno mayunivesite akuluakulu ambiri ali ndi polisi yawoyawo. Si alonda ayi, ndi apolisi olumbira, amphamvu zomanga munthu, ambiri amanyamula mfuti, ali ndi magalimoto awo ndi maudindo awo: officer, sergeant, lieutenant, mpaka chief. Zinayambira ku Yale mu 1894. Udindo wofanana ndi wanuwo ndi wa sergeant wa shifiti. Iyeyo ndi amene amagawa anthu, kuwerenga ndi kuvomereza malipoti a anyamata ake asanapite pamwamba, kufika pamalo nkhani ikakula, ndi kulangiza amene angoyamba kumene. Kusiyana kwake n'kwakuti kawirikawiri samupatsa udindowo popanda kumuyesa ndi kumutumiza ku maphunziro a utsogoleri.

Chomwe chimandisangalatsa si mfutizo. Ndi lamulo lotchedwa Clery Act la 1990. Linabwera chifukwa cha Jeanne Clery, wophunzira amene anaphedwa m'chipinda chake cha mu hositelo ku Lehigh University mu 1986. Makolo ake anamenya nkhondo kuti masukulu asamabise milandu poopa kuipitsa dzina. Pano yunivesite iliyonse yolandira ndalama za boma zothandizira ophunzira imayenera kusunga buku la milandu ya tsiku ndi tsiku loti aliyense akhoza kuliona, kutulutsa lipoti la chaka pofika pa 1 October, ndi kuchenjeza ophunzira msanga pakakhala choopsa. Foni yanga imalira ngakhale pakati pa usiku kuti pamsewu wakuti pachitika zakuti, pewani.

Lamulo limenelo ndi la kuno, kwathu siligwira ntchito. Koma palibe chokuletsani kutenga OB kumapeto kwa mwezi n'kuwerenga: malaputopu asowa angati, hositelo iti, nthawi yanji, tsiku liti. Mukhoza kupeza kuti zambiri zimachitika Lachisanu ndi Loweruka pomwe anthu ali ku zisangalalo, kapena sabata ya mayeso pomwe zitseko zimasiyidwa zosakhoma. Pepala limodzi lotero limayankhula kwa mabwana kuposa kudandaula pakamwa kuti anthu akuchepa.

Osatengera zonse za kuno. Apolisi a m'mayunivesite kuno nawonso amadzudzulidwa kwambiri, makamaka pa nkhani ya tsankho ndi mmene amagwirira ophunzira pa zionetsero. Ine ndemwe ndinaimitsidwapo usiku ndikuchokera ku labu, kufunsidwa ID, anzanga achizungu akungodutsa.

Sajeni Wopuma

Mawu a zionetsero andikumbutsa. Achimwene, tsiku lomwe ophunzira adzatseke msewu chifukwa cha fizi kapena ndalama za alawansi, inu si apolisi othana ndi zipolowe, musadzayese kulimbana nawo. Anthu anu achoke pakati, ateteze malo ochepa ofunika monga labu ndi kosungira mafuta a jenereta, mageti ang'onoang'ono akhale otsegula kuti anthu athe kuthawa utsi wokhetsa misozi ukayamba. Geti lokhoma pa nthawi yotero limapweteketsa anthu. Ndipo musadzalole kukhala wolemba mayina a otsogolera zionetsero mobisa. Mukadzatero kamodzi, ophunzira sadzakuuzaninso kanthu mpaka mudzachoke.

A Gadi, za renikoti mwanena zoona. Za penshoni, bwerani mudzaione, mudzandimvera chisoni.

Wa ku Bangwe

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza.

Lamulungu nditatuluka m'tchalitchi ndinakwera minibasi kupita ku Chilobwe. Ndinaona kuti nkhaniyi siyoyambira pa perete anyamata akumva. Ndinawapeza madala akuponda dothi kuseri kwa nyumba. Tinakhala pa njerwa, ndinawauza zonse, kuti ndawapeza kangapo, kuti anyamata akudziwa, kuti ndilemba chenjezo la pakamwa ndipo asaina. Anakhala chete nthawi yaitali, akuchotsa matope kuzala. Kenako anati, "Ndimadikira kuti ubwera liti. Ukanapanda kubwera ndikanadziwa kuti ndinaphunzitsa chitsiru." Koma sanasangalale, musaganize kuti zinatha ndi kuseka. Lolemba anasaina osandiyang'ana, ndipo mpaka lero akundiitana "bwana," pomwe kale ankanditchula dzina.

Rosita ndaisintha monga ananenera a Gadi. Ku laibulale ndi kumpanda wa kumunsi anthu akusinthana pakati pa usiku, madala ndawaika pa geti lalikulu pomwe pali anzawo awiri ndi magalimoto odutsa. Mmodzi wa pa geti ndi amene akuzungulira kugwirira anzake akafuna kupita kuchimbudzi. Mabatire abwera, marenikoti akuti mwezi wa mawa.

Mayi Nangozo, amayi ndili nawo awiri okha, ndipo onse anali pa geti lalikulu kuti azisecha zikwama. Mmodzi ndamupititsa ku hositelo ya atsikana. Nyali zakufa ndaziwerenga ndekha usiku, zilipo 9, ndazilemba ndi malo ake n'kupereka ku ofesi yokonza zinthu. Atsogoleri a ophunzira ndikumana nawo Lachinayi.

Kalata ya mafunso ija ndinapereka. Manejala wathu anaiwerenga n'kunena kuti ndayamba kuchenjera. Mkulu wa chitetezo wa koleji sanayankhebe.

A Sajeni, pali china. Laputopu ija ili ku polisi ngati umboni, ndipo mwini wake akubwera pa geti tsiku lililonse, akuti pulojekiti yake ya chaka chomaliza ili momwemo, mayeso ayandikira. Akuti ndine ndinaipereka, ndiye ndikaitenge. Kodi pali njira yoti aibwezeredwe mlandu usanathe, kapena angomulola kukakopera ntchito yakeyo pa fulashi? Akapite kwa wofufuza mlanduwo kapena kwa prosecutor, woimira boma pa mlandu ku khoti, ndipo ine ndimuperekeze kapena apite ndi wa ku ofesi ya Dean?